Katumba wa Wokoka

Kwa zaka zimene sindinaziwerenge, ntchito yanga inali kukoka. Anthu akamva choncho amaganiza za ngolo, ndipo sakhala ataphonya kwambiri. Pa mpikisano wothamanga mtunda wautali pamakhala munthu amene amamuika kutsogolo kuti agwire liwiro ndi kutchinga mphepo, kuti amene akufuna apambaneyo azingotsata msana wake osaganiza kanthu. Pakati pa njira wokokayo amapatukira kumbali n'kuima m'udzu manja ali m'mawondo, anzake n'kumadutsa. Munthu ameneyo ndinali ine. Ndinathamanga m'matauni ambiri, koma kumapeto ndinkafikako pa lole yotola otopa, chingwe cha pomalizira chitaduka kale, anthu atayamba kubalalika.

Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: kuthamanga mpikisano umodzi mpaka kumapeto, wangawanga, popanda munthu wondipumira m'khosi. A Malizani, amene ankatiphunzitsa, anandilonjeza zimenezo tsiku limene anandipeza.

Anandipeza ndikuthamangitsa minibasi imene inanyamuka ndi dengu langa la tomato ine ndisanakwere. Ndinaipeza pa siteji ina kutsogolo, ndinamukalipira kondakitala mpaka mawu kundithera, ndipo nthawi yonseyo bambo wina wa kapu yoyera amene anakhala pawindo ankangondiyang'ana miyendo. Ndinatsala pang'ono kumuyambanso iyeyo.

"Iwe, kuchokera kuja wathamanga osabanika?" anandifunsa.

"Tomatoyu ndi wa mayi anga, bambo. Ndikanatani?"

"Unditsate. Uyambe wakokera anzako, uphunzire njira. Tsiku lako likadzakwana udzadula chingwe wekha."

Ndinakasiya dengu kwathu n'kutsanzika. Sindikumbukira ngati mayi analira. Ndimangokumbukira kuti anandimangira chitenje chatsopano m'chiuno n'kundiuza kuti ndisamayankhe akuluakulu mmene ndimawayankhira iwo.

Matauni amene tinkayendamo ankafanana. Kulikonse kunali bwalo la mpira lometeka pakati, thanki ya madzi yodontha, ndi mayi wogulitsa nthochi pansi pa thankiyo. Kwina thanki inkakhala kumanja kwa golo, kwina kumanzere. Mayi wa nthochi kwina ankakhala wonenepa, kwina wowonda, koma kulikonse ankandifunsa funso lomwelo, loti kodi tikuthawa chiyani. Tinkagona m'makalasi a sukulu ana akakhala pa tchuthi, ndipo tinkathamanga mame asanaume. Mayina a matauniwo anandichoka m'mutu. Ndimawakumbukira ndi fumbi lake, ndi zimene ndinaphunzirako.

M'tauni yoyamba, ya fumbi lofiira, ndi mmene ndinaona chipika. Sichinali cha mtengo. Chinali cha siponji yolimba yakuda, chozungulira ngati munsi wonenepa, chotalika ngati mkono, chopepuka moti mwana n'kuchinyamula ndi dzanja limodzi. Ena ankachitcha rola, koma a Malizani ankati chipika, ndiye ife tonse tinkatero. Chinalipo chimodzi chokha, ndipo pa ulendo ankachifungatira okha pamiyendo, osalola kuti chikwere pamwamba ndi katundu.

M'mawa wa tsiku loyamba anachiika pansi n'kundiuza kuti ndikhale pa dothi, ndisanjike katumba pamwamba pake, ndikweze matako ndi manja, ndiziyenda kutsogolo ndi kumbuyo. Ndinaseka. Mtsikana wamkulu ngati ine kukwawa chamatako pa bwalo, mayi wa nthochi akuonerera. Kenako chipika chinafika pamalo ena pakati pa katumba, ndipo kuseka kunathera pomwepo.

"Musanathamange musamachedwepo," ankatero a Malizani. "Mukungodzutsa minofu basi. Akatumba, ntchafu kutsogolo ndi kumbuyo, matako. Paliponse kanthawi kochepa, mopepuka, kenako mudzuke muzipita. Mukakanikiza kwambiri m'mawa, miyendo imasanduka phala, mumathamanga ngati mwabwereka ya wina."

Ine ndi mutu wangawu ndinayesa kusamvera. M'mawa wina chipika chinandikomera, ndinakhalapo nthawi yaitali ndikukanikiza ndi thupi lonse, anzanga akundidikira ndi maso oipa. Tsiku limenelo ngakhale bambo wa njinga ya nkhuni anandipitirira pa chitunda. A Malizani sanandikalipire. Anangondifunsa ngati phala lapsa. Kuyambira pamenepo zonena zawo ndinasiya kuzitsutsa.

M'tauni ya mapiri, kumene nkhungu inkatsika mpaka kubisa golo, ndinakumana ndi Eneresi. Ndiye amene ndinkayenera kumamukoka. Anali wamfupi, wa miyendo yopyapyala, wokonda kuseka ndi kuba nthochi zanga. Ankanditcha achemwali ngakhale tinali a msinkhu umodzi. Ankati msana wanga amaudziwa kuposa nkhope yanga, ndipo sankanama: ankadziwa kuti ndatopa pongoona mmene phewa langa lakumanja lakwerera. Tinkafunda bulangete limodzi, ndipo iye ankalikokera kwake.

Kumeneko ndinaphunzira za madzulo. Tikatsika m'mapiri miyendo ili njenjenje, tinkayamba tayenda pang'ono, kumwa madzi, thukuta n'kuuma, kenako n'kuyala chitenje pansi pa mtengo n'kumalandirana chipika. Nthawi imeneyi a Malizani sankafuna changu. Ankati uziyenda pang'onopang'ono moti nyerere n'kukupitirira. Ukapeza mfundo, pamene mnofu wamangana, uimepo, usathawe, uzipuma mozama mpaka iyambe kumasuka. Wotchi analibe nayo ntchito. Ankati pa mfundo ukhalepo nthawi yoti munthu n'kuimba ndime imodzi ya nyimbo ya kutchalitchi, ndipo ndimeyo ikatha usunthe, ngakhale mfundo isanathe, udzaipeza mawa. Choncho Eneresi ankandiimbira ine ndikamagubuduza, ine n'kumamuimbira iye. Ikakhala nthawi yanga ankaithamangitsa dala nyimboyo kuti chipika chibwerere msanga kwa iye.

"Ukugwira mpweya iwe," a Malizani ankandiuza. "Nkhope yakoyo ikuonetsa. Ukagwira mpweya mnofu umalimbana nacho chipika. Tsitsa mwendo winawo pansi, uchepetse kulemera. Sikuti amene wabuula kwambiri ndiye wachira kwambiri."

Ankati ululu ulipo wa mitundu iwiri. Wina ndi wakuya, wofalikira, umene umakubuulitsa koma ukamapuma umachepa. Umenewo ndi wa mnofu wotopa, ndipo chipika chimauthandiza. Wina ndi wobaya, wa pamalo amodzi, umene ukakanikiza umawonjezeka. Ukamva umenewo uchokepo.

Ndinakoka m'tauni imeneyo, ndinakokanso m'ina yofanana nayo. Pamalo opatukira a Malizani ankaima ndi wenzulo, akaimba ndiye kuti ntchito yanga yatha. Tsiku lina, m'tauni ya njanji, anaimba ine ndikadali ndi mphamvu zonse. Miyendo inali yopepuka, chifuwa chili phee, msewu wowongoka kutsogolo kwanga wopanda munthu ndi mmodzi yemwe. Ndinapitirira pang'ono ngati sindinamve. Anaimbanso. Ndinapatuka, Eneresi anandikhudza chigongono podutsa, ndipo ndinakhala m'udzu n'kulira ndi mkwiyo mpaka lole inafika.

"Ndinakuona," anatero a Malizani pa lolepo. "Wakhwima. Tauni yakutsogoloku ndi yako."

Tauni yakutsogoloyo itafika, kunali mphepo yambiri, Eneresi sakanatha yekha. Ina itafika, kunabwera othamanga achilendo oopsa. Ina, nambala za pachifuwa zinali zitalembedwa kale. Ndinkakwiya, ndinkakhala masiku osawapatsa moni, koma kuwakayikira sindinkawakayikira.

M'tauni ya nzimbe, yotentha moti thanki inkadontha madzi ofunda, tinali ndi mwamuna wina wamtali wopanda dzino lakutsogolo. Anapotoza kakolo padzenje, ndipo masana ake anatenga chipika mobisa n'kumagubuduza potupapo mano ali gwa. A Malizani atamupeza anachimenya chipikacho ndi phazi mpaka chinakagunda mwendo wa thanki. Sindinawaonepo atakwiya choncho. Anatikhazika tonse pansi padzuwa.

"Chipika si sing'anga," anatero. "Pafupa ayi. Pabondo ayi, kuseri kwa bondo ayi. Pamsana wam'munsi, pamene palibe nthiti, ayi. Ndipo ichi mumve ngakhale zina zonse muiwale: malo otupa, malo otentha, malo amene angovulala kumene, osachiyandikitsa n'komwe. Mnofu wong'ambika ukaugubuduza ndiye ukuung'ambiratu. Umafuna kupuma, kuukweza m'mwamba, nsalu yozizira, ndi kuchipatala."

Anagwada n'kuika kuseri kwa dzanja pa kakolo wotupayo, kenako pa winayo, monga amachitira mayi poyesa ngati mwana watentha thupi. Anatiuza tonse kuti tigwire, timve kusiyana kwake. Ndinagwira, ndinamva. Eneresi anagwira pambuyo panga. Mwamuna uja a Malizani anamukweza okha pa njinga kupita naye kuchipatala, iwo akukankha wapansi. Kuyambira tsiku limenelo dzanja lawo ndinkalikhulupirira kuposa maso anga.

Nyengo zinkasinthana. Mvula inkatipeza m'tauni ina n'kutisiya m'ina. Nkhope za othamanga zinkasintha: ena ankakwatiwa, ena ankangosowa m'mawa wina, nsapato zawo n'kutsala pakhomo la kalasi. Mayi anga anamwalira ine ndili m'tauni imene sindikuikumbukira, ndipo uthenga unandipeza ataikidwa kale. Ndinapita kukaona manda. Achibale anandipempha kuti ndikhale, munda unalipo, nyumba inalipo. Ndinakana n'kubwerera, chifukwa a Malizani anali atanena kuti chaka chimenecho ndi changa.

Ndipo ulendo uno ananena momveka, Eneresi ali pomwepo. M'tauni ya mlatho kunkabwera anthu osankha othamanga oti apite kunja.

"Umukoke Eneresi komaliza, mpaka kutsidya kwa mlatho," anatero. "Akamutenga, palibenso woti uzimukoka. Mpikisano wa kumapiri, uja umachitika mvula yoyamba isanagwe, ndi wako. Dzina lako ndapereka kale."

Eneresi anandikumbatira n'kunena kuti akapita kunjako adzanditumizira nsapato zofiira. Ndinamuuza kuti angobweza nthochi zanga zonse, nsapato azisiye.

M'tauni ya mlatho bwalo linali lomwelo, thanki kumanzere, koma mayi wa nthochi kunalibe. Panali dengu lokha lovundikira ndi kampando. Mpikisano uli mawa lake, tinkathamanga mopepuka kuzungulira bwalo, ndipo ndinamva ngati wina wandigenda ndi mwala pa katumba wakumanzere. Ndinatembenuka kuti ndimukalipire. Kunalibe munthu.

Pofika masana katumba anali atatupa, khungu lili nyezinyezi, chidendene chikukana kufika pansi. Ndinakhala pa mphasa m'kalasi mmene tinkagona. A Malizani analowa, anagwada, anaika kuseri kwa dzanja pa katumba wakumanzere, kenako wakumanja, kenako wakumanzerenso. Anachedwapo. Ine ndinkawayang'ana nkhope, iwo ankayang'ana bolodi.

"Ndi mfundo," anatero. "Yaikulu, koma mfundo basi. Gubuduza."

"Koma a kochi, patentha. Ndiponso pakubaya."

"Kutenthako ndi kwa dzuwali. Amene amadziwa miyendo pano ndani, iwe kapena ine?"

"Ndinu."

"Ndiye gubuduza, ukanikize ndithu. Mawa udzuka ulibe kanthu."

Ndinayang'ana Eneresi. Anali ataima pawindo, nsapato ili m'manja, akumanga chingwe n'kumachimasulanso. Zimene ine ndinkadziwa nayenso ankazidziwa. Anabwera osandiyang'ana, anaika chipika pansi pa mwendo wanga, anasanjika wakumanja pamwamba pa wakumanzere kuti kulemera kuchuluke, n'kuyamba kuimba. Tsiku limenelo sanaithamangitse nyimbo. Anaimba ndime zonse n'kuyambiranso. Ine ndinaluma chitenje. Thupi lonse linkandiuza kuti ndichokepo, koma ndinkadziuza kuti dzanja lija silinama, ndine wamantha chabe. Titamaliza, a Malizani anandimanga bandeji yothina n'kundipatsa mapiritsi opha ululu, ena oti ndidzamwe m'mawa.

M'mawa ndinakoka. Mapiritsi anagwira ntchito yawo: mwendo unali ngati si wanga, koma unkayenda. Liwiro ndinaligwira bwino, ndipo sindikudzitama, sindinakokepo bwino ngati tsiku limenelo. Mlatho unali wautali kuposa mmene ndinauonera dzulo lake. Ndinkathamanga, tsidya osayandikira, madzi pansi ali phee ngati aima. Eneresi ankandipumira m'khosi. Nditangoona kapu yoyera kutsidya, chinachake chinaduka mkati mwa mwendo, ndinachimva ndi makutu, ndipo ndinagwa chafufumimba. Eneresi anandilumpha. Ndinamva wenzulo ndili pansi, tsaya lili pa simenti yotentha.

Osankha aja anamutenga Eneresi. Ndinazimvera kuchipatala, ndipo ndinasangalala, Mulungu ndi mboni. Namwino ataona mwendo utada ndi magazi ogwera mkati kuyambira pabondo mpaka kuphazi, anandifunsa ngati wina anachita kuupondaponda. Ndinati ayi, ndinangogwa. A Malizani anabwera kamodzi, atanyamula nthochi ndi chipika. Anati ndichisunge, kumene akupita ndi Eneresi akapezako china. Anandigwira phewa, maso awo ali ofiira, ndipo amene anatonthoza mnzake ndinali ine.

"Musadandaule a kochi," ndinatero. "Munthu amalakwitsa."

Mpikisano wa kumapiri unachitika ine ndikuyendera ndodo. Mwendo unapola, koma mwa njira yakeyake. Pa katumba panatsala dzenje loti chala chachikulu n'kulowamo, ndipo ndikayesa kuthamanga unkandigwetsa ndisanafike pa golo lachiwiri. Ndinayesa nyengo imodzi, ndinayesa ina, kenako nsapato ndinapatsa munthu.

Kuyenda kokha sindinasiye. Panalibe china chimene ndinkachidziwa kuposa kuchoka m'tauni ina kupita m'ina. Chipika ndinkachibereka kumbuyo ndi chitenje, ndipo azimayi m'minibasi ankasuzumira kuti aone mwana. Ndinagulitsa zitumbuwa, ndinachapa zovala za anthu, ndinatsuka mbale m'lesitilanti ya pa depoti. Koma dzuwa likapendeka miyendo inkanditengera yokha ku bwalo. M'tauni ina ndinaphunzitsa azimayi a mpira wamanja. M'mudzi wina anati chipikacho ndi chithumwa ndipo anandipempha mwaulemu kuti ndichoke nacho dzuwa lisanalowe. M'tauni ya msika waukulu ankabwera ndi a kabaza, amene ntchafu zawo zinali gwa ngati matabwa. Ankabwera akuseka, kuchoka akubuula, mawa n'kubweranso ndi anzawo.

"Mayi, ine msana ndi umene ukundipha," anatero wina, atagona kale chagada, chipika chili m'chiuno.

"Chotsani pamenepo, achimwene. Gubuduzani matako ndi ntchafu, msanawo upepuka wokha. Pamenepo palibe nthiti zoti zikutetezeni."

"Munaziphunzira kuti zimenezi?"

"Kwa a Malizani," ndinayankha, ngati kuti dziko lonse limawadziwa.

Kulikonse ndinkanena zomwezo: m'mawa mopepuka, madzulo modekha, pafupa ayi, potupa ayi. Ndinkagwira miyendo ya anthu ndi kuseri kwa dzanja, ndipo otentha ndinkawabweza. Akandifunsa za dzenje la pa mwendo wanga, ndinkati ngakhale katswiri tsiku lina dzanja limamunamiza. Ndinkawaikira kumbuyo kwa anthu amene sanawaonepo n'komwe. Ndikaganiza zimenezo lero, mtima umandiwawa kuposa mwendo.

Tsiku lina ndinafika m'tauni imene sindinadziwe ngati ndinafikamo kale. Thanki inali yatsopano, yosadontha. Pa bwalo panali othamanga ambiri atakhala pansi mozungulira, aliyense ndi chipika chake, zobiriwira, zofiira, zina zokhala ndi timinga. Pakati pawo panaima bambo wa kapu yoyera, wonenepa tsopano, ndevu zili mbuu. Pambali pawo panali mayi wamfupi wa jekete ya zamasewera, wenzulo ali nayo m'khosi. Ndinamuzindikira ndi kaimidwe. Anali Eneresi.

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Ndinaima kuseri kwa thanki kudikira kuti amalize, ndikukonza mpango kumutu ndi kusasa fumbi pa chitenje. A Malizani ankanena za malo otupa ndi otentha, mawu omwe aja, ndipo milomo yanga inkatsatira yokha.

"Ndikuuzeni nkhani," anatero. "Ndinali ndi mtsikana wina wokoka, wa miyendo yabwino kuposa nonsenu, koma wamakani. Katumba anang'ambika mpikisano uli mawa. Ndinagwira ndi dzanja langali, ndinamva moto, ndinadziwa pomwepo. Ndinamuuza kuti chipika usachikhudze, mawa usathamange. Iye anadikira kuti ndituluke, n'kugubuduza yekha. M'mawa anachita makani kuti ali bwino. Anakagwa pa mlatho, ndipo mpaka lero sanathamangenso. Ndikunama, Eneresi?"

"Simukunama, a kochi," anatero Eneresi. "Ndinalipo."

Othamanga aja anapukusa mitu, wina anatsonya. Bodza lonselo silinandilowe nthawi yomweyo. Chimene chinandilowa ndi choona chimene chinali pakati pake: anagwira, anamva moto, anadziwa pomwepo.

Anthu atabalalika ndinapita. Eneresi ndi amene anayamba kundiona, ndipo anazolika. A Malizani anandiyang'ana nkhope osandidziwa, kenako anaona kayendedwe kanga n'kumwetulira.

"Ndiwe? Ukadali nachobe chipika chakalecho?"

"Munadziwa," ndinatero.

"Wamva, eti." Anakhala pa benchi n'kuvula kapu. "Ndinadziwa, inde."

"Ndikanapuma ndikanachira?"

"Ukanachira. Kung'ambika kwake kunali kochepa. Wa kumapiri uja ukanathamanga, ndipo mmene unalili chaka chimenecho, ukanapambana."

"Nanga bwanji?"

"Osankha ankabwera mawa lake, mwana wanga. Wokoka wina ndikanamutenga kuti? Ndinafuna ukhulupirire kuti ndi mfundo, apo ayi ukanakana kuthamanga. Ndinkaganiza kuti mwendowo upirira mpaka kutsidya." Ananena modekha, ngati akulozera mlendo njira ya kumsika.

Ndinatembenukira kwa Eneresi. Sanadzutse mutu. Ndinafuna kumufunsa ngati nyimbo ija amaiimbabe, koma ndinazisiya.

"Nanga nkhani mwawauzayi?" ndinafunsa a Malizani.

"Imathandiza. Chiyambire kuinena, palibe wothamanga wanga amene wagubuduza potupa mobisa. Wapulumutsa miyendo yambiri iwe, kungoti sukudziwa." Anavalanso kapu. "Mawa m'mawa ubwere uwaonetse mwendowo. Akaona ndi maso sadzaiwala."

"Mubwere, achemwali," anatero Eneresi chapansipansi. "Tikuphikirani tiyi."

Ndinabwera. Mame anali asanaume, othamanga atakhalanso mozungulira ndi zipika zawo. A Malizani anandiitanira pakati n'kunena kuti mwini wake wa nkhani ya dzulo ija ndi uyu. Ndinakweza chitenje mpaka pabondo n'kutembenuka pang'onopang'ono kuti onse aone dzenjelo. Akumbuyo anaimirira.

"Zonse zimene akuphunzitsani za chipika n'zoona," ndinatero. "Muzizitsata. Koma ine sindinagubuduze ndekha. A kochi awa anagwira apa, anamva moto, n'kundiuza kuti ndi mfundo. Mayi awa ndi amene ankandiimbira. Mwendo ukatentha muzigwira nokha ndi dzanja lanu. Musamafunse munthu amene akufuna miyendo yanu mawa."

Mawu sanatuluke mmene ndinawakonzera. Eneresi ankayang'ana nsapato zake. A Malizani anaseka pang'ono, mwachifundo, n'kutembenukira kwa othamangawo.

"Makani ndimanena aja mwawaona?"

Ena anaseka nawo. Iwo anatenga wenzulo m'khosi mwa Eneresi n'kuimba, ndipo onse anadzuka.

Amene anapita kutsogolo kukagwira liwiro anali mtsikana wamtali wa bandeji pa katumba. Podutsa pamene ndinaima anandiyang'ana nkhope, anayang'ana dzenje la pa mwendo wanga, kenako anayang'ana a Malizani. Iwo anagwedeza mutu kuti pita. Anapita, chidendene chake chakumanja osafika pansi, gulu lonse lili pambuyo pake. Ndinakuwa kuti aime, koma dzina lake sindinkalidziwa, ndipo kumuthamangira sindikanatha.